Waya wa pa Chipoka

Dzuwa la Okutobala lafewetsa ndowa ya Asiyatu,
mlomo wake wapindika ngati khutu la galu wodwala.
Koma waya uyu wagona pamalata chaka chachitatu
khungu osang'aluka.

Bambo Chikadza, amene adandiphunzitsa zamagetsi, ankati:
pulasitiki ameneyu adadutsa pansi pa cheza chosaoneka,
timaulusi ta m'kati mwake,
timene tinkatsetsereka kalikonse pakokha,
tidakolana, tidamangana mfundo.
Moto ukafika sathawa. Amangofewa, n'kukhalabe.

Masana ano ndikulumikiza masola pachigayo,
thukuta likuwawa m'maso,
ndakumbuka chaka chija cha maliro atatu pakhomo pathu.
Palibe adaona chimene chidatipyoza.
Ine ndi achemwali tinkapondana zithunzi osalonjerana.
Dzulo adandisungira chimanga chootcha.