Nambala 23 Sanadine

Tinatsikira pa Kaphatenga tili atatu,
laputopu imodzi ya batire lotopa,
mafomu a chilolezo m'jumbo,
ndi funso limene aphunzitsi athu
analemba ndi inki yofiira m'mphepete mwa pepala:
kodi chochitika chimayambira pati, nanga chimathera pati?

Lusubilo amafufuza za mboni.
Akuti anthu khumi akaona ngozi imodzi
pamabadwa ngozi khumi,
iliyonse yokonzeka kulumbira kukhoti.
Mwandida amawerenga masekondi
amene munthu amakhala kukamwa yasa
dzina lili pakamwa pomwepa koma likukana kutuluka.
Ine yanga ndi yoona mmene anthu amadulira nthawi,
ngati mzimbe, mfundo ndi mfundo.

Kuseri kwa golosale ya Che Anusa tinabwereka benchi.
Kanema wake ngwosachititsa chidwi:
mayi akupeta mpunga, akuthira m'thumba,
akumanga, akusasa chitenje, akutuluka pakhomo.
Mphindi zisanu basi.
Ndimati: dinani apa
mukaona kuti china chatha, china chayamba.

Wogulitsa tomato anadina kasanu ndi kawiri.
Mnyamata wa mayunitsi anadina ngati akuthyola nyemba.
Koma pakhomo paja onse anadina.
Mabuku amatero ndithu, kuti ubongo umatembenuza tsamba
munthu akadutsa pakhomo,
n'chifukwa chake umafika kuchipinda n'kuima,
manja m'chiuno, waiwala chimene wadzera.

Kenaka a Bwanali a kabaza,
malaya ali mchere wokhawokha kumsana,
anakhala mphindi zisanu zonse
chala chili m'malere.
Ndinati, kapena simunamvetse, bambo.
Anati, ndamva.
Koma apa palibe chatha.
Mpungawo sunagulidwe,
ngongole ya feteleza ikadali pomwepo,
mayiyo watuluka, inde, koma abwera.
Nanga ndidinirenji?

Ndinalemba m'kope: nambala 23, palibe zotsatira.

Usiku ku resitihausi magetsi atathima
Lusubilo anati, amenewo ungowachotsa,
akuonongera chiwerengero.
Mwandida anali kalikiliki ndi udzudzu umodzi m'neti mwake,
sanayankhe.

Ndinagona chagada
n'kudziyesa ndekha ndi muyeso wanga womwe.
Tsiku limene bambo ananyamuka kupita ku Joni:
ndimakumbukira chikwama chobiriwira,
achimwene amati linali jumbo la mizeremizere.
Ndimakumbukira mvula,
amayi amati unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Kukumbukira ndi telala wa pakhonde,
amasoka ndi zigamba zimene wapeza
mpaka msoko osaoneka.
Zimenezi ndinazilemba pamayeso, ndinakhoza bwino.

Koma chitseko ndiye ndikuchidziwa.
Chathabwa, chotsekera msomali wopindika.
Anawerama pang'ono, poti anali wamtali,
n'kudutsa.
Pamenepo mpamene aliyense akanadina.
Amayi anadina chaka chachinayi
pomwe anagulitsa njinga yawo.
Achimwene anadina tsiku lomwelo.
Ine zaka makumi awiri ndi ziwiri
chala chikadali m'malere.

M'mawa ndinatsegula tebulo la manambala.
Mzere 23 unali mbee,
ngati munda umene mwini wake sanabwere kudzadzala.
Ndinauyang'ana. Batire linati latsala pang'ono.
Ndinatseka osafufuta kanthu.

Panja belu la njinga linalira kawiri.
Sisi, wa kudepoti?
Ndinakhala pakaliyala, laputopu pamiyendo,
tikuzemba maenje, fumbi la malole m'mano.
Titadutsa pachigayo anatembenuka pang'ono:
Paja mayi uja wa mukanema,
mpunga uja anadzagulitsa bwanji pakilo?