Khumi ndi Imodzi

Analowera padenga,
pamtengo wowola umene ndinauza Angchuk kuti asinthe
asanapite kukaswa miyala ya msewu wa ku Leh.

M'mawa khola linali zii.
Mbuzi zanjala sizikhala chete chotero.

Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko:
khumi ndi imodzi zili lambalamba,
magazi ataundana ndi chisanu ngati phula,
ndipo pangodya, iye,
nyalugwe wotuwa wa m'mapiri,
atafunda mchira wake mpaka pamphuno,
atakhuta moti walephera kudumphira kumene anadzera.

Ubweya wa mbuzi zimenezo unali fizi ya Dolkar,
unali mchere, palafini, nsapato.
Wadyako imodzi ndi theka.
Zinazo wangozipha poti zimathawathawa.

Mlamu wanga Skarma anabwera ndi khasu,
ana ndi miyala m'matumba a zikhoto.
Mnyamata wa ku ofesi ya zanyama anati pafoni:
musamukhudze, atsala owerengeka,
jambulani mitembo, sungani makutu,
tibwera chipale chikasungunuka pamsewu.
Ndinamufunsa ngati mbuzi zanga
zatsala zosawerengeka.
Foni inaduka.

Alendo amakwera kuno ndi makamera aataliatali,
nagona m'matenti sabata yathunthu
kuti angoona nsonga ya mchirawo pathanthwe.
Ine ndamuona yense, wosalipira.
Ayi, ndalipira.

Tinayang'anizana.
Dzino limodzi linali lothyoka,
khutu long'ambika kale n'kupola,
maso ngati madzi a mumtsinje wouma ndi chisanu.
Sanabangule. Sanapepese.
Anangondiyang'ana monga mnansi wakale
amene tinalimbirana naye malire
tisanabadwe tonse awiri.

Sindinganame kuti ndinamva chisoni.
Mwina ndinaopa apolisi.
Mwina dzanja limene limapukusa gudumu la mapemphero m'mawa
linakana kugwira khasu masana.
Ndinauza Skarma apatuke,
ndinasolola mpiringidzo.

Anatuluka mosafulumira,
mimba ikukwekwereza chipale,
nadutsa pansi pa nsalu zathu za mapemphero
osacheuka.

Posenda zikopa tinapeza kamwana kamoyo
kataphimbika ndi mtembo wa mayi wake.
Kali m'chikhoto changa tsopano,
kakuyamwa kansanza konyika mumkaka.

Usiku uno ndigona m'khola.
Denga ndalitseka ndi chitseko cha nyumba yanga,
ndipo mphepo ikulowa mmene ikufunira.