Nambala Ziwiri za Bambo Anga

Kalaliki wa pa boma la Dedza anati ndibwere Lachinayi.
Lachinayi anati makiyi apita ndi mnzake ku maliro ku Linthipe.
Ulendo wachitatu ndinafika chifunga chisanachoke m'mapaini,
ndipo anandiikira patebulo mafayilo awiri
omangidwa ndi kachingwe kofiira,
nati, "Sankhani wanu, mayi. Onse ndi a Chimphamba."

Woyamba ndi Lameki wa ku Bembeke,
zaka zake zongoyerekeza,
chipsera pa bondo lamanzere, mano onse alipo.
Anamuyeza chifuwa ngati ng'ombe yogula.
Pansi pa tsamba pali chala cha inki,
chopendekeka, ngati wina anachita kumugwira dzanja.
Kopolo. Sajeni.
Anamudula malipiro a masiku atatu
chifukwa chipewa chinapita ndi madzi.
Kenako mzere umodzi wadula tsamba lonse,
mawu otsatira anadya ndi chiswe.

Wachiwiri alibe mudzi, alibe chipsera.
Akubadwa ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi,
nambala yatsopano, nyota imodzi paphewa,
L. Chimphamba, siginecha yopinda mchira
ngati ya munthu amene sanagwirepo khasu.
Uyu ndiye ndimamudziwa.
Ankadya ndi foloko, yekha,
ankatiletsa kuseka mokweza pakhonde.

Pakati pa awiriwa pali miyezi isanu ndi iwiri
imene palibe anailemba.

"Boma limasunga masiku, mayi, zifukwa ayi,"
anatero kalaliki akupukuta fumbi pa malaya.
Koma anatsegula kaundula wa penshoni
nandilozera nambala yotsatana ndi ya Lameki,
yosiyana ndi imodzi yokha.
Mwini wake akadali moyo. Ali ku Lizulu.

Ndinawapeza a Zefaniya Kadzakumanja
atakhala pa thumba, kutsidya kwa msewu,
akulondera mulu wa kachewere wa mdzukulu wawo.
Nditatchula nambala anawongola msana.

"Tinakwera lole imodzi," anatero.
"Ku Zomba tinkafunda bulangeti limodzi,
nsabwe zathu zinali pachibale.
Usiku ndinkamugwirira nyali
akuphunzira kulemba dzina pa pepala lokulungira sopo.
Ameneyo L ndinamuona akadali wopunduka.

Tsiku la perete atamuveka nyota
ndinamumenyera sawasha, nayenso anabweza,
dzanja lowongoka, maso kuphiri.
Madzulo ake anabwera kuseri kwa nyumba zathu,
jombo zili m'manja kuti asamveke.
Ndinaona zala za mapazi ake pansi pa chitseko.
Anaima nthawi yokwana kupsa chimanga.
Sindinatsegule.
Kaya linali lamulo, kaya nsanje,
mwana wanga, mpaka lero sindinadziweruze."

Wogula anafunsa mtengo wa ndowa,
iwo anayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.
Anandiikira mbatata zisanu m'chikwama, ndalama anakana.

Tsopano ndili m'minibasi, tadutsa Bembeke,
mphepo ya Juni ikulowera pa galasi losweka.
Fomu imene ndanyamula ili ndi kabokosi kamodzi:
nambala ya malemu.
Mlongo wanga adzati tilembe ya nyota,
ndiyo ili pa mwala wa manda, ndiyo ya ndalama.
Mwina tidzatero.

Koma kondakitala akuwerenga chenji
ndatulutsa pepala lojambulitsa lija,
ndaika chala changa pa chala cha inki.
Changa chachiphimba chonse.
Anali mwana.
Wamng'ono kuposa mwana wanga wachisamba
amene ndamusiya m'mawa uno akusaka sokosi,
ndipo palibe anandiuza kuti munthu uja wa foloko
anaimapo pa khomo la mnzake, wopanda nsapato.