Mphindi Zisanu Belu Lisanalire

Ku Valparaíso misewu imakwera ngati yapsa mtima,
ndipo sukulu yathu inakangamira pachitunda
moyang'ana doko, kumene makontena
amasanjikizana, ofiira, obiriwira, adzimbiri.

Bambo Aníbal Retamal, a fizikisi,
ankaika choko pansi mphindi zisanu belu lisanalire.
"Tsekani mabuku. Tulutsani kope lachikasu.
Lembani zimene mwamva lero,
osati m'mawu anga, ayi, m'mawu anu,
ngati mukuuza mwana wosadziwa kuchulukitsa."

Ine Fresia, woloweza mafomula pamtima,
ndinkang'ung'udza chamumtima.
Yankho ndinkalipeza, lolondola ndithu.
Nanga mawu ngachiyani m'chipinda cha nambala?

Lachitatu lina mutu unali chikepe chathu,
chomwe timakwera m'mawa uliwonse:
ngolo ziwiri pachingwe chimodzi,
ina ikukwera phiri, ina ikutsikira kudoko.
Ndinalemba mothamanga:
Ngolo yotsika imakoka yokwera chifukwa

ndipo cholembera chinaima.

Chifukwa anatsala yekha kumapeto kwa mzere,
kukamwa yasa, wopanda womutsatira.
Ngati ngolo zonse zilemera mofanana,
wokoka mnzake ndani?
Nanga injini yolira pamwamba paja
imagwira ntchito yanji?
Miyezi itatu ndikukhoza mayeso
pamwamba pa dzenje lomwe sindinalione.

Kope linabwera mawa lake.
Pansi pa chifukwa wanga wamasiye
panali inki yobiriwira, mawu atatu:
Apa ndiye wayamba.

Kopelo linayamba kuyendayenda.
Mayi Llancaleo a kemisitiri analiitanitsa,
ndinawalembera za mchere wa m'mphepo
umene umadya malata a nyumba yathu,
ndipo pakati pa ndime yachiwiri ndinazindikira
kuti ndinali nditaiwala madzi.
M'masamu tinkalemba pamene tasokera,
osati pamene tafika.
Baltasar, wokhala kumbuyo, wosakweza dzanja chaka chonse,
analemba masamba awiri odana ndi nambala zochotsera,
pomaliza n'kuzimvetsa mwangozi.
M'phunziro la mbiri ndinasanduka mkazi wa wonyamula katundu,
kulembera mchemwali wanga usiku wa chivomezi,
ndipo zaka zomwe zinkandithawa m'mutu
zinakhala pansi, zinapeza mipando.

Usiku wina bambo anga analipeza patebulo,
manja awo akununkha girisi wa kireni.
Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda,
mpaka anafika pa chifukwa uja.
Anaseka. "Mwana iwe, m'mawa otsika ndi ambiri,
madzulo okwera ndi ambiri.
Ngolo zimabwerekana kulemera,
chotsala amalipira ndi injini,
pamodzi ndi chimene njanji zimaba."
Anatenga pensulo ya mlongo wanga
n'kumalizitsa chiganizo changa
ndi zilembo zazikulu zopendekeka.
Zaka makumi awiri akukweza zitsulo m'mwamba,
palibe amene anawapemphapo kuti alembe.

Lero ndili ku koleji ku Concepción,
ndikuphunzira za milatho ndi konkire.
Pano palibe belu, palibe inki yobiriwira,
aphunzitsi amatuluka osatembenuka.
Komabe anzanga akamakoka zikwama
ine ndimatsalira pampando.
Kope la chaka chino ndi labuluu,
lachikasu linali litatha m'sitolo.
Ndimalemba mpaka cholembera chitapunthwa,
ndipo pomwe chapunthwapo ndimazunguliza,
n'kupita kukafunsa.

Dzulo chinapunthwa pamzere woyamba.
Kunja mvula inali ikugwa cham'mbali,
woyeretsa anali atayamba kale kukolopa,
anandidikira, atatsamira mopu wake,
ine ndikuyang'anizana ndi chifukwa wina.