Ngolo Yopanda Mwana

Tsiku lachinayi chichokereni ku Esquel,
msewu wa Patagonia uli tambalale ngati chingwe chotaya,
mphepo ikundikankha pachifuwa
ngati ndinaikongola ndalama.

Ndinkathamanga ndikukankha ngolo ya mwana.
Mwana munalibe.
Munali tenti, mabotolo asanu a madzi,
masokosi a dzana, ndi chithunzi cha mng'ono wanga Fermín
amene miyendo inamukana
asanauponde msewu womwe ankaulota.

Galimoto yofiira inaima, fumbi koboo.
Anatsika mayi, tsitsi lili nyankhalala, maso ali psuu:
"Wamisala iwe! Khanda pamphepo yotereyi?"
Anavundukula kansalu.
Anakumana ndi masokosi.
Anakhala pansi pamiyala, kuseka mpaka kutsokomola,
kenaka malalanje atatu m'manja mwanga
ndi theka la buledi wopita kwa apongozi ake.
Dzina ndinakumbuka kufunsa
galimoto itasanduka kadontho.

Si onse. Pafamu ina bambo anandiyang'ana kuyambira kunsapato,
natseka geti mosapupuluma.
Usiku umenewo ndinagona mumpaipi wa pansi pa msewu
mano akuimba okha.

Kupitirira Gobernador Costa chidendene chinang'ambika.
Ndinakhala pamwala, kuwerenga nkhosa za eni,
mpaka panatulukira hatchi, agalu awiri,
ndi mkulu wina, Rufino Painemal.
Sanafunse kochokera kapena kopita.
Ananyamula phazi langa monga achitira ndi chiboda cha hatchi,
naliyang'ana, napukusa mutu,
nalipaka mafuta a nkhosa,
nalimanga ndi mkono wa malaya ake omwe.

M'kanyumba kake ka malata anatereka ketulo.
Mate, chakumwa chawo chowawa chija,
chikho chimodzi, kampopi kachitsulo kamodzi,
iye amwe, athire, ine ndimwe.
Nditangomeza koyamba ndinati zikomo.
Mkuluyo anandibwezera chikho m'manja.
"Kuno zikomo ndi mawu a munthu wokhuta.
Ukawanena, chikho sichikupezanso.
Wakhuta kodi?"
Ndinali ndisanakhute.
Tinamwa tili chete mpaka ketulo inapepuka.

Kum'mwera kwa Río Mayo,
komwe tsiku limatha osaona utsi wa munthu,
ndinapeza botolo la madzi m'mbali mwa msewu,
mwala utalitsamira kuti lisauluke.
Makilomita khumi, lina.
Khumi enanso, lina, ndi siwiti pachitsekero.
Masiku atatu ndinkamwa dzanja la munthu wopanda nkhope.
Mwina ndi wa lole yankhuni amene anandiimbira hutala Lolemba.
Mwina ayi.
Lole iliyonse yodutsa ndinkaikwezera mkono,
kuti mwina.

Ku Bajo Caracoles, kamtsikana ka pamalo omwetsera mafuta,
Ailén, mano awiri akutsogolo kulibe,
kanathamanga nane mpaka pamlatho ndi nsapato za kusukulu,
wefuwefu, kakufunsa ngati Fermín akulemera.
Ndinati masiku ena.
Kanati ndikakankheko, ndipo kanakankha,
kakuuza chithunzi mayina a mapiri.

Lero ndili ku Río Gallegos, nyanja ili patsogolo,
zikhadabo zinayi zinatsala m'njira.
Akundifunsa kuti makilomita onsewa ndatha bwanji ndekha.
Ndekha?
Mkono wa malaya uja ukadali m'ngolomu,
makoko a malalanje anauma m'thumba.

Mawu aja ali pakhosi, akufuna kutuluka,
kwa mayi wa galimoto yofiira, kwa mwini mabotolo,
kwa kamtsikana kopanda mano.
Ndikuwameza.
Chikho chisandidumphe.
Mawa wina adzadutsa pakhomo panga akutsimphina,
ndipo ketulo idzakhala pamoto.