Dothi la Bambo Sagyndyk

Ndinafika ku Sarzhal mphepo ikumeta udzu,
galimoto ya labotale ili matope mpaka m'magalasi.
M'chikwama munali kafosholo, matumba a pulasitiki khumi ndi awiri
ndi kachipangizo kachikasu kamene ine ndimati nkhululu
chifukwa cha kaliridwe kake.

Bambo Sagyndyk sanandifunse dzina.
Anayamba andimwetsa tiyi wamkaka, makapu atatu,
kenako n'kuloza ndi chibwano kuseri kwa khola la mahatchi:
"Kayambireni uko. N'kumene mwana amasewera."

Ndinagwada. Nkhululu ija
che... che... cheche... che.
Ndinalemba nambala, zala zitachita dzanzi ndi chisanu.
Masentimita asanu apamwamba m'thumba loyamba,
asanu otsatira m'thumba lachiwiri.
Fumbi limene linagwa iwo ali mnyamata
silinapite kutali, likadabisala m'mizu ya udzu.

"Yati chiyani?"
Ndinati imalira paliponse, bambo,
pakhonde la mzikiti, pachifuwa panu ndi panga.
Dothi liyenera liume, lisefedwe,
ligone usiku wonse m'bokosi la mtovu
kuti tidziwe cheza chimene lasunga.

Anandiuza za m'mawa wina ali ndi zaka zisanu ndi zinayi
pamene dzuwa linatuluka kawiri,
lachiwirilo kumbali yolakwika.
Mawindo a sukulu phwaa! Nthaka njenjenje.
Ananena mosakweza mawu, ngati akuwerenga nkhosa.

Patatha milungu itatu ndinabwerera ndi pepala.
Siziyamu alimo, ndinatero, koma wochepa,
ndipo amadzidya yekha, theka pa zaka makumi atatu zilizonse.
Chitsime chili bwino.
Mahatchi okha asakamwenso kudziwe lakutali lija.
Pa ana zikwi khumi okulira pa dothi ngati ili,
mwina mmodzi angadzadwale.

"Mmodzi uti?"

Zii.
Pakhomo Aldiyar anali kulimbana ndi chingwe cha nsapato,
lilime lili panja, mamina akuuma pamlomo.
Kuyunivesite anatiphunzitsa kuchulukitsa ndi kugawa,
kuyeza mpweya, mkaka, fupa.
Funso ili palibe amene analilemba pabolodi.

Anapinda pepala kanayi n'kulilowetsa m'chipewa.
"Nanga dothi langa lili kuti?"
Sindinamvetse.
"Thumba lachisanu ndi chiwiri.
Munakumba pamene Kulyash ankadzala anyezi
chotupa chapakhosi chisanamutenge.
Madokotala sananene kumene chinachokera,
ndipo inunso simunena, ndaona.
Mwatha kulifunsa mafunso. Libwezeni."

M'labotale dothi silibwezedwa.
Limapatsidwa nambala n'kukhala pashelefu
mpaka amene analikumba atapuma pa ntchito.
Koma chisanu chitatha ndinasainira m'buku
kuti ndikukaliyezanso,
n'kulikhazika pampando wakutsogolo ngati mlendo,
magalamu mazana asanu,
maola atatu a msewu wamabampu kuchokera ku Semey.

Anamasula okha thumbalo ndi mano.
Dothi linali losalala kuposa mmene linachokera,
lopanda kamwala, lopanda kamuzu.
Analipapasa, n'kunena kuti mwalisambitsa.
Analikhuthulira m'dzenje lake, lomwe mphepo sinalifotsere,
n'kupondaponda ndi chidendene cha jombo.
Aldiyar naye anaponda, akuseka.

M'chikwama changa, chifukwa ndinaiwala kuzimitsa,
nkhululu inali kuwerengabe.