Pomwe Nyundo Inaphonya

Akuimika pa kapeti tsopano, akuzinga ndi zingwe,
ndipo mnyamata wa magolovesi oyera akuti ndisakukhudze.
Ine, Ermete Baraldi, ndisakukhudze?
Ndinakusula ndi nyundo pa chitsa cha mtengo
m'galaja yozizira ya ku Modena, chaka cha 1953,
chifunga chikukwawira pansi pa chitseko,
zala zanga zili gwaa.

Unali chitsulo chopyapyala ngati chikope.
Mphuno yokhayo inandidyera masabata atatu.
Kunsi kwako, kuseri kwa tayala lakumanzere,
kuli kadzenje pomwe nyundo inaphonya
tsiku lomwe Delfina anaima pakhomo
nati ali ndi pakati.

Mpikisano woyamba unali m'mapiri a ku Sisile.
Nambala 86 tinailemba ndi burashi, utoto ukudontha.
Gualtiero anamanga mpango kukamwa,
napsompsona kamendulo ka amayi ake.
Makona osawerengeka, miyala, abulu,
anthu pamakoma miyendo ili lende.
Ine ndinali m'mbali mwa msewu ndi zigubu za petulo,
khutu lili tcheru.
Ndinkakudziwa usanaoneke:
kakutsokomola polowa giya yachitatu,
kenaka mfuwu wong'amba chigwa pakati.
Unafika wachinayi, nyali imodzi itathothoka,
mabuleki akununkha tsitsi lopserera.
Tinamwa vinyo wa ngongole mpaka tambala.

Chaka chinacho, ku Falansa,
mpikisano wa usana ndi usiku, mvula osakata.
Unatsogola anzako a msinkhu wako maola asanu ndi awiri.
Ndinayamba kale kuganiza za nsapato za mwana.
M'bandakucha kapaipi ka oyilo,
ka mtengo wa ndudu ziwiri,
kanang'ambika.
Gualtiero anabwerera wapansi, chisoti m'manja,
madzi akuchucha m'ndevu.
Sananditukwane. Bola akanatukwana.
Kapaipiko ndinakamanga ndine.

Unapambana kamodzi kokha,
m'katauni ka asodzi, pakati pa mabelo a udzu,
wansembe akuimitsa nkhuku ndi ambulera.
Chikho chake chinali chaching'ono,
Delfina ankasungiramo mabatani.

Gualtiero sanafere mwa iwe.
Anafera m'ina, yatsopano, yaliwiro kuposa iwe,
pa kona yomwe iwe unkaidutsa ngati ukuseka.
Sindinakukhululukire msanga chifukwa chotsala.

Kenaka abwana anakugulitsa.
Ndinakuona ukukwezedwa m'sitima ku Genova,
ukulendewera pa chingwe ngati ng'ombe yophedwa.
Zina zonse ndinachita kumva:
akuti ku Argentina wina wa ng'ombe zambiri, Nicanor,
anakupaka buluu, nakuthamangitsa m'fumbi,
injini itafa anaikamo ya lole.
Ya lole!
Akuti unagona m'shedi zaka makumi atatu,
nkhuku zikuikira mazira pampando wa Gualtiero.
Pamenepo ndinaseka. Iye akanasekanso.

Lero uli psuu ngati sunaonepo msewu.
Pa chikwangwani alemba masiku, mizinda, malo omwe unafika,
ndi mtengo wako, ziro ndi ziro ndi ziro,
ndalama zogula msewu wathu wonse ndi tchalitchi chomwe.
Dzina langa palibe. Kapaipi palibe.
Palibenso fungo: oyilo wotentha, thukuta, mantha.
Anthu akujambula, akunong'ona ngati ali pamaliro.

Nives, mwana wa tsiku lija, wandigwira chigongono,
imvi zake zaposa zanga.
Akuti tiyeni, bambo, basi itisiya.
Mnyamata wa magolovesi watembenuka, akuyankha foni.
Mawondo akulira, komabe ndagwada.
Dzanja lalowa kunsi, mumdima,
likupapasa chitsulo chozizira,
apa ayi, apanso ayi,
chakumbuyo pang'ono.

Kalipo.
Chala chakwanamo ndendende.